BaYotamu ndi Injini Imene Inapita ku Malowolo

Tinawaika BaYotamu Mwanza chimanga chitangolowa m'nkhokwe, ndipo pamaliro anthu ankakamba za motoka yawo kuposa za iwo eni. Ine sindinadabwe, chifukwa ngakhale ali moyo zinali choncho. Mlendo akatsika basi pa Rufunsa n'kufunsa kwa Mwanza, ankamufunsa kuti Mwanza uti. Koma akati kwa Dona, ngakhale mayi wogulitsa nthochi ankamulozera njira: tsatani msewu waukulu ngati mukupita ku Mpanshya, mukaona chigayo kudzanja lamanja, yang'anani kumanzere pansi pa mtengo wa mango.

Dona inali motoka ya ku America, ya zitseko ziwiri, yobiriwira ngati tsamba la mango lokhwima, ndi mizere iwiri yakuda paboneti. Bonetiyo inali yaitali moti munthu wamkulu akanagonapo miyendo osalendewera. Chiwongolero chinali kumanzere, ndiye madalaivala a mathilaki akaiona ikubwera ankayamba aganiza kuti ikuyenda yokha. Dzina la Dona analipereka ndi ambuya anga, aNaphiri, ndipo silinali dzina lachikondi.

BaYotamu sanali asikulu anga a magazi. Mayi anga atamwalira ndisanayambe sukulu, ambuya ndiwo ananditenga, ndipo BaYotamu anali mwamuna wawo wachiwiri. Awiriwa sanabereke mwana. Ankanditcha Namaso, ati chifukwa ndinali ndi maso ambiri koma pakamwa pochepa. Tsiku limene ndinafika panalibe pondigoneka, ndiye BaYotamu anandipatsa mpando wakumbuyo wa Dona, umene anali atauchotsa kale kuti m'motoka muzilowa matumba a chimanga. Ndinakulira pampando umenewo, wachikopa chakuda, wonunkha fodya wa mzungu amene sindinamuonepo. Anandiuza kuti angondibwereka chabe, ndipo ndikadzakodzerapo ndidzagona ndi mbuzi.

M'mawa uliwonse, asanapereke moni kwa munthu, ankatuluka kukavundukula tenti n'kupukuta mame pagalasi. Loweruka linali tsiku losambitsa Dona. Madzi ankachokera kumjigo pamutu pa ambuya ndi panga, ndipo sopo amene ankati ndi wodula tikafuna kuchapa zovala, tsiku limenelo ankapezeka. Nkhuku zathu zinkadziwa malire: ikangoyandikira mthunzi wa mango, chitsononkho chinkaitsatira. Ankanena kuti munthu umamudziwa ndi mmene amatsekera chitseko cha motoka ya mnzake, ndipo mphunzitsi wina amene anabwera kudzandifunsira anamukana pa chifukwa chomwecho, poti anamenyetsa chitseko. Ankanenanso kuti mkazi akamakalamba amayamba kuyankha, pomwe motoka ikamakalamba imayamba kumva. Izi ankazinena dala ambuya ali pafupi.

"Pitani aDona anu akakuphikireni," ambuya ankatero. "Anzanga ali pamitala ndi anthu, akadwala amapatsana madzi. Ine ndili pamitala ndi chitsulo."

Koma chimene chinkawadya BaYotamu sichinali pabwalo pathu. Chinali kutsidya kwa msewu. Mpando wawo wandalema sunkayang'ana kumunda kapena kunyumba, unkayang'ana komweko, kumene kunali chigayo, shopu ndi nyumba ya malata ofiira ya BaFilimoni Phiri, mlongo wa ambuya. Akamaliza kupukuta Dona ankakhala pamenepo dzuwa mpaka lipendeke, chipewa chili pabondo, kuonerera mlamu wawo akulemera.

"Namaso, waona? Apakanso penti. Penti yanga imeneyo."

M'maso mwa BaYotamu malata aja anali awo, mawindo a magalasi anali awo, ngakhale nsapato za adzukulu a BaFilimoni zinali zawo. Tsiku limene minibasi yoyamba inafika kutsidya, itamangidwa maliboni, BaYotamu anamva mutu ndipo sanadye. Chimanga chathu sankalola kuti chigayidwe kumeneko. Ankachikweza mu Dona n'kupita nacho kuchigayo china chakutali, kuwononga dizilo woposa mtengo wogayitsira. Ambuya akatopa ankazemba ndi debe limodzi kuwoloka msewu, ndipo madzulo BaYotamu ankatsina ufa, kuununkhiza, n'kunena kuti ukumveka dzimbiri la aPhiri.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti amenewa ndi masewera a pachilamu. Ndinadzamva nkhani yonse pang'onopang'ono, kwa anthu osiyanasiyana, ndipo aliyense ankaikometsa mbali yake.

Ali mnyamata BaYotamu ankagwira ntchito kwa mzungu wa ku America, mmodzi wa amene ankayang'anira ntchito yoika tala pamsewu waukulu. Anayamba ndi kutsuka masipanala, anamaliza akuyendetsa. Mzunguyo pobwerera kwawo anaona kuti kukweza motoka pasitima ya pamadzi n'kovuta, anawasiyira makiyi ndi mapepala. Nthawi imeneyo Dona inali ndi injini yake yobadwa nayo, ija amati V8, ndipo akuluakulu amati ikalira pachikweza cha kumadzulo kwa mudzi wathu, agalu a kuno ankayamba kuuwa isanaoneke. Koma inkamwa petulo ngati dothi la mu Okutobala limwera mvula yoyamba. Zaka zovuta zitafika, petulo akusowa ndiponso akudula, Dona inayamba kugona masiku ambiri kuposa amene inkayenda.

Apa ndi pamene BaYotamu anachita chinthu chimene anadzitama nacho theka la moyo wawo. Anagula injini ya dizilo ya vaneti imene inagubuduka pamapiri, anamangirira unyolo panthambi ya mango, anazula V8 ija n'kulowetsa dizilo. Sizinkakwanirana, ndiye anawotcherera zitsulo zawozawo mpaka zinakwanirana. Dona inasiya kubangula, inayamba kukhosomola, koma inkayenda tsiku lililonse. Inanyamula chimanga, feteleza, akwati, ndi azimayi ambiri apakati opita kuchipatala ku Mpanshya. Aliyense wokwera ankamva nkhani ya mmene Mwanza anaposera nzeru azungu amene anaipanga. Injini yakale inatsala pansi pa mango, nkhuku zikuikira mazira pambali pake.

M'zaka zomwezo ndi pamene anaona ambuya, amene anali atafedwa mwamuna wawo woyamba. Makolo athu akale sankalowola, nkhuku ndi khasu zinkakwanira. Za malowolo zinabwera ndi msewu, ndipo BaFilimoni, monga mwini mbumba, anazilandira ndi manja awiri. Anatchula ng'ombe, koma kuno ng'ombe sizikhalitsa chifukwa cha ntchentche za kashembe. Anatchula ndalama, koma BaYotamu zawo zinali zitathera pa dizilo ija. Ankhoswe atayendayenda, BaFilimoni anati chabwino, andipatse chitsulo chija chili pansi pa mango.

BaYotamu anaseka sabata yonse. Pamowa ankauza anthu kuti anzawo amagulitsa minda kuti akwatire, iwo apeza mkazi wakhama ndi chitsulo chongotayidwa. Mawuwo anafika kwa ambuya ukwati usanachitike n'komwe, ndipo anawasunga.

BaFilimoni anaika injini ija pamitengo ya mopane, anaimangirira lamba, lambayo n'kumulumikiza kuchigayo chakale chimene anagula ku Lusaka. Petulo ankagula wa m'zigubu kwa madalaivala odutsa. Chigayo chimenecho chinali chokhacho m'dera lonse, ndipo chinkagaya debe munthu asanamalize kupereka moni. Azimayi ankachokera mpaka ku Shikabeta, matumba ali panjinga. Ndiye tsiku lililonse BaYotamu ankamva injini yawo ikubangula kutsidya kwa msewu, mawu omwe aja a pachikweza, koma ikupangira ndalama munthu wina. Patapita zaka BaFilimoni anagula chigayo cha dizilo, kenako cha magetsi, koma V8 sanaitaye. Anaisunga kuseri kwa chigayo, pansi pa malata, ndipo kamodzikamodzi ankaithira oyilo n'kuizunguza ndi sipanala kuti isagwire. Ankati anzawo malowolo amadya n'kuiwala, iwo awo amawadzoza mafuta.

Nkhani imene anthu ankanong'onezana pamaliro inachitika zaka zingapo zapitazo, ine nditangomaliza sukulu. Munthu wina wa m'basi anajambula Dona ndi foni n'kuika chithunzicho pa intaneti. Sipanapite nthawi, uthenga unafika kuti bwana wina wa ku Lusaka, BaMusonda, amene amagula motoka zakale n'kuzikonza n'kuzigulitsa kunja, abwera Loweruka kudzaiona. BaYotamu ankati sagulitsa, angofuna amve mtengo. Koma Lachisanu analowa kuchipinda kwanga, anachotsa zofunda zanga n'kuziika pansi, ananyamula mpando uja n'kukaumangirira m'malo mwake.  Anali atandiuza kale kuti anangondibwereka.

BaMusonda anafika dzuwa lili paliwombo, munthu wamimba, wovala kabudula ndi kapu. Anazungulira Dona ngati munthu woona mkwatibwi. Anagunditsa kamaginito m'mbali monse kuti aone ngati pali pomatidwa, anagona chagada n'kuunika pansi ndi tochi ya foni, anatsegula chitseko n'kuchitseka ndi zala ziwiri. BaYotamu anandiyang'ana n'kugwedeza mutu, kutanthauza kuti uyu ndi munthu.

"Bashikulu, mwaisunga," anatero BaMusonda. "Palibe ngozi, palibe kuwola. Manje tiyeni tione mtima wake."

BaYotamu anatsegula boneti ali chilili ngati msilikali, n'kuyamba nkhani ija ya unyolo ndi nthambi ya mango. Sanafike nayo pakati. BaMusonda anavula kapu monga amachitira munthu akalowa panyumba ya maliro.

"Bashikulu, munachita chani?"

"Ndinaipulumutsa. Ikanakhala ya petulo bwenzi inafa kalekale."

"Awe, mwaipaya imwe. Iyi ni injini ya vaneti."

Anawatengera pagalasi lakutsogolo n'kuwaonetsa kachitsulo kakang'ono kokhala ndi manambala, kamene BaYotamu anali atakapukuta zaka zonsezo osakasamala. Anafotokoza kuti manambala omalizira a pamenepo anawadindanso painjini tsiku limene motokayo inkapangidwa. Anthu amene amagula motoka zotere, anatero, safuna yoyendera ayi, zoyendera ali nazo zambiri. Amafuna imene ili monga inatulukira kufakitale, ndipo choyamba chimene amayang'ana ndi manambala awiriwo ngati akufanana. Akafanana, mtengo wake munthu amamanga nyumba ya njerwa zowotcha, kugula vaneti yabwino, n'kutsala ndi yodyera. Ndi dizilo ili mkatimu, iwo akanangogula thupi lokha, ndipo ndalama yake ikanathera pa feteleza ndi malata ochepa.

"Nanga mukapeza V8 ina?" anafunsa BaYotamu. "Inu a ku tauni mumapeza zonse."

"Ningapeze, ya mtundu umodzimodzi, na kulira chimodzimodzi. Mtengo ukwerako, koma siufika olo pafupi. Ija ni mwana wopeza, bashikulu. Angakhale wabwino bwanji, bogula bafuna wobadwa nayo."

BaYotamu anandiyang'ana kamodzi, n'kuyang'ana pansi. Kenako anati injiniyo ilipo, ili kutsidya.

Tinawoloka msewu tonse atatu. Kanali koyamba kuti ndione BaYotamu akuponda pabwalo la chigayo. Panali mzere wa azimayi ndi madebe awo, ndipo pakati pawo panali ambuya, amene anali atazemba ndi chimanga poganiza kuti mwamuna wawo atanganidwa ndi mlendo. Anayesa kubisala kumbuyo kwa mnzawo, koma BaYotamu sanawaone n'komwe. BaFilimoni anatuluka m'shopu akupukuta manja.

"Alamu! Lero mvula igwa. Mwasochera?"

Atamva nkhani anachotsa malata aja. Injini inali pomwepo, yakuda ndi oyilo, mavu atamanga chisa pambali. BaMusonda anagwada, anapala ndi bulashi yawaya pamalo pena kutsogolo kwake, anajambula, n'kuyerekeza ndi chithunzi cha kachitsulo kaja. Anaseka yekha ngati mwana. Manambala anali amodzi. Anati agula zonse ziwiri pamodzi, ndipo akuluakulu awiriwo agwirizane okha mmene agawanire.

"Kugawana chiyani?" anatero BaYotamu. "Injini ndi ya motoka, motoka ndi yanga."

"Yanu?" BaFilimoni anaseka. "Alamu, chitsulo ichi chili ndi dzina. Dzina lake ndi malowolo."

"Ndikupatsani ena. Munkafuna ng'ombe, ndikugulirani ng'ombe."

"Malowolo sasintha ngati tayala. Si inu munkauza anthu pamowa kuti mwandipusitsa?" BaFilimoni anatembenukira kwa azimayi aja kuti nawonso amve, nkhope ili ndi nthabwala. "Mukaifuna yonse, njira mukuidziwa, ndi imodzi. Bweretsani mlongo wanga ndi mapoto ake, injini mutenge lero lomwe."

Azimayi anaseka. Aliyense pamenepo ankadziwa kuti malowolo amabwerera pokhapokha ukwati watha, ndipo aliyense ankadziwanso yankho la nthabwala yotere. Mwamuna amayenera kulavula pansi, kutukwana mlamu wake pang'ono, n'kunena kuti mkazi wake sangamusinthe ndi ndege. Tonse tinkadikira zimenezo.

BaYotamu sanalavule. Anaima akuyang'ana injini, dzanja lawo lili pachivundikiro chake, chala chikuyenda pa oyilo. Kuseka kunayamba kuzilala. Mnyamata wa pachigayo anathira debe, chigayo chinalira, chinagaya, chinamaliza, ndipo BaYotamu anali asanayankhebe. Atadzuka m'maganizo awowo n'kunena kuti iyayi, zimenezo ayi, ambuya anali atasenza kale debe lawo losagaya, akuwoloka msewu osayang'ana ngati kukubwera thilaki.

BaFilimoni ataona kuti nthabwala yapweteka mlongo wawo, anasiya zoseka. Anati chabwino, agawane pakati ndi pakati, nkhani ithe. Aliyense wanzeru akanavomera. Koma BaYotamu anayang'ana shopu, anayang'ana malata ofiira, anayang'ana minibasi imene inkatsukidwa pambali, n'kunena kuti kuli bwino Dona iwolere pansi pa mango kusiyana n'kuti aPhiri agule minibasi ina ndi thukuta la Mwanza. BaMusonda anabweranso kangapo zaka zotsatira, nthawi zina ndi shuga ndi buledi. Yankho silinasinthe. Injini payokha BaMusonda sankaifuna, thupi palokha BaYotamu sankaligulitsa, ndipo zinthu ziwirizo zinakhala zikuyang'anizana, msewu uli pakati.

Kunyumba ambuya sanalalate. Anapeza njira ina. Kuyambira tsiku limenelo, BaYotamu akawafunsa chilichonse, kaya madzi osamba, kaya kumene kuli nkhwangwa, ambuya ankakhala chete nthawi yaitali, maso ali patali.

"ANaphiri, ndakufunsani."

"Ndamva, aMwanza. Ndikuganiza kaye. Si mmene timayankhira pano?"

Anachita zimenezo mpaka kumapeto. BaYotamu sanapepese, pakamwa pawo panalibe malo a mawu amenewo. Koma dzinja lina denga la khitchini litayamba kudontha, tinadzuka m'mawa n'kupeza tenti ya Dona ili padengapo, atatsendereza ndi miyala, motoka ikunyowa pamvula. Ambuya anaiyang'ana tentiyo n'kunena kuti yaikidwa mokhota.

Nkhani ya unyolo ndi nthambi ya mango sanaikambenso. Dizilo ija anayamba kudana nayo, ankaitcha mlendo. Atasiya kuona bwino anakweza Dona panjerwa kuti matayala asaphwe, ndipo inakhala choncho. Kupukuta kokha ndi kumene sanasiye. Chaka chatha, ndikuchokera kumjigo, ndinawaona kuseri kwa chigayo. BaFilimoni ankathira oyilo m'mabowo a mapulagi, BaYotamu atagwira sipanala yaikulu akuzunguza injini pang'onopang'ono, khutu ataliyandikiza.  Atabwerako anakhala pampando wawo n'kundiuza kuti munthu uja amathira oyilo wakuda wotsala m'minibasi, alibe manyazi.

Chifuwa chitawagwira, imene inawanyamula kupita ku Mpanshya inali minibasi ya BaFilimoni yomweyo. Njira yonse ankadandaula kuti dalaivala sadziwa kusintha magiya. Sanabwereko.

Pogawa katundu, nyumba ndi munda zinatsala kwa ambuya, ndipo Dona inagwera kwa aphwa awo a BaYotamu, ana a mlongo wawo, amene anabwera kuchokera ku Chongwe. Ambuya sanatsutse, anati amutenge, atopa naye. Koma aphwawo anali ataimbira kale BaMusonda maliro ali m'nyumba, ndipo anali atagwirizana kale ndi BaFilimoni za kugawana pakati ndi pakati. Chimene mwini wake anakana zaka zonsezo, iwo anachimaliza pakapu imodzi ya tiyi. Wamkulu wa aphwawo anaimirira pamaso pa akuluakulu a mbali zonse ziwiri n'kulengeza kuti thilaki ibwera kudzatenga motoka ndi injini yake, ndipo amayi amasiye nawonso aganiziridwa.

Ambuya anali pamphasa, mutu wometedwa. Sanaimirire.

"Alongo," anatero kwa BaFilimoni, "chitsulo chili kuseri kwa chigayo chija n'chiyani?"

"Esinati, ukudziwa. Ndi malowolo ako."

"Chikakwera thilaki imodzi ndi aDona, chabwerera kwa yani?"

"Sichikubwerera, tikugulitsa."

"Chinachoka m'motoka ya aMwanza. Chikalowanso m'motoka ya aMwanza, chabwerera kwa aMwanza. Akuluakulu, malowolo akabwerera ndiye kuti chatha n'chiyani?"

Mkulu wina wa kuchimuna anakanda m'mutu n'kuyankha motsitsa kuti ukwati.

"Ndameta tsitsi, ndagona pansi, ndalira ngati mkazi wa munthu. Lero mukufuna mundisandutse wosiyidwa, mwamuna wanga ali m'manda, sangadziyankhire?"

Aphwa anayamba kulankhula onse pamodzi. Wina anati amama, izi ndi zakale, masiku ano chitsulo ndi chitsulo. Wina anati gawo lawo alikweza. BaFilimoni anagwada pafupi ndi mphasa, mawondo akulira, n'kunena kuti Esinati, imene ukukanayi ndi nyumba ya njerwa, ndi koleji ya mwana uyu, ganiza bwino. Potchula mwana ankaloza ine, ndipo sindibisa, mtima wanga unali kumbali yawo.

Ambuya anayang'ana kutali monga ankachitira ndi mwamuna wawo, mpaka anthu anayamba kusuntha pamipando. Kenako anati iyayi.

"Mwini wake anaganiza, anaganiza, chigayo mpaka chinamaliza debe. Koma pomaliza anasankha ine. Inu ndinu yani kuti mumusankhire china?"

Akuluakulu sanapeze pougwira mlanduwo. BaFilimoni akanatha kuumirira, poti injini inali m'manja mwawo, koma kugulitsa malowolo a mlongo wako iye akukana pamaso pa anthu, maliro asanazizire, ndi chinthu chimene munthu wa shopu sangachite ngati akufuna anthu apitirize kumugula. Aphwa anagulitsa thupi lokha, pamtengo uja wa feteleza ndi malata, ndipo anachoka osatsanzika. BaMusonda pokweza Dona pathilaki anaiyala bulangeti kuti unyolo usaikande. Mpando wanga unapita uli mkati. BaMusonda anauza ambuya kuti amene adzaigule kunjako sadzasiya kufunsa za injini yake, ndipo tsiku lililonse akadzasintha maganizo, foni ilipo. Ndinaima ndikuyang'ana Dona ikukwera chikweza, ndipo ndinaichitira nsanje. Kwinakwake kuli munthu amene sagona bwino chifukwa Dona yasiyana ndi chimene inabadwa nacho.

Madzulo ake, tikutola nkhuni, ndinawafunsa ambuya ngati zinalidi za ukwati zokha. Anandiyang'ana cham'mbali.

"Iwe Namaso, zaka zonsezi Dona ndamutungira madzi osamba. Ndimusiye apite kunja ali wathunthu, akabangule m'misewu ya azungu, akumusisita, ine ndili pano ndi mawondo awa? Apite akukhosomola."

Pansi pa mango tsopano pali malo aatali a makona anayi pamene dothi ndi losalala kuposa pena ponse. Njerwa zija zikadali m'makona mwake, palibe wazichotsa. Chakutsogolo kuli banga lakuda la dizilo limene ambuya ayesa kulisesa, kulipala ndi khasu, kulithira phulusa, koma likungotulukanso. Panthambi yaikulu pali chipsera cha unyolo, khungwa linamera mochizungulira. Nkhuku zinatenga masiku zikuima m'malire akale, kuyang'ana uku ndi uku kudikira chitsononkho, ndipo tsopano zimasamba fumbi pakati penipeni. Tenti ikadali padenga la khitchini, mokhota momwemo.

Mpando wandalema sunasunthe. Ukuyang'anabe kutsidya kwa msewu, koma amene amakhalapo tsopano ndi ambuya. Amati pamenepo pali mphepo yabwino. Thilaki iliyonse ikaima pachigayo amatukula khosi, ndipo sakhazikika mpaka ichoke. Loweruka lililonse amamanga chitenje, kuwoloka msewu, kudutsa mlongo wawo pakhomo la shopu osalowa, n'kupita kuseri kukatukula lata limodzi. Akaona kuti injini ilipo, amalibwezera, kuikapo mwala, n'kubwerera kudzakhala pafupi ndi malo opanda kanthu aja.